Kabokosi kabuluu kamene kanatiphikira anapiye

Kunyumba kwathu ku Bangwe oweta nkhuku ndi akazi anga. Sabata yoyamba anapiye amafuna kutentha kwa madigiri 32 mpaka 35, ndipo ntchito yowafunditsa inkagwiridwa ndi mbaula ya makala pamodzi ndi tulo ta mayiwo, pakuti ankadzuka katatu usiku uliwonse kukasonkhezera moto. Ine ndinali nditangozolowerana ndi Arduino, kakompyuta kokwana pachikhatho kamene umakalembera malamulo n'kumakutsegulira kapena kukutsekera zinthu. Manja ankandiyabwa. Ndinati, "Amayi, inu muzigona. Izi mundisiyire."

Nzeru yake inali yosavuta. Sensa iziyeza kutentha m'khola, Arduino iziganiza, relay iziyatsa ndi kuzimitsa mababu ofiira anayi a 250 W lililonse. Relay ndi swichi yokankhidwa ndi maginito: ukalowetsa timagetsi tochepa mu koyilo yake, imakoka kachitsulo kamene kamakagunda kanzake n'kulumikiza waya wa magetsi aakulu. Mbali ya 5 V ndi mbali ya 230 V sizikhudzana. Zili ngati kamwana kotsegula chipata cha khola la ng'ombe: sikanyamula ng'ombe, kamangosolola mtengo.

Chenjezo loyamba ndinalilandira msanga. Ndinalumikiza koyilo ija mwachindunji ku mwendo wa Arduino, umene suyenera kupereka zoposa 20 mA, pamene koyiloyo imafuna pafupifupi 70 mA, ndipo ukaidulira magetsi imabweza mphamvu ngati bulu woponya mateche. Mwendowo unafa. Ndinagula kabolodi kokhala kale ndi transistor ndi diode yomeza teche lija, ndipo ndinadziona ngati ndamaliza sukulu.

Pamsana pa kabokosi kabuluu ka relay panalembedwa kuti 10A 250VAC. Ndinawerengera: mababu onse ndi 1,000 W, kugawa ndi 230, kupitirira pang'ono 4 A. Theka silinakwane n'komwe. Mu pulogalamu ndinalemba kuti kutentha kukatsika pa 33 ayake, kukakwera pa 33 azime. Basi, popanda mpata pakati. Usiku wonse kanthuko kankangoti tiki, taka, tiki, taka.

"Abambo, kanthu kanuka kakusokosa ngati nkhululu," anatero akazi anga.

"Ndiye kuti kakugwira ntchito," ndinayankha.

Panapita masiku khumi ndi awiri. Lamulungu lina la mu Okutobala tinapita kutchalitchi, mazenera a khola tili chitsekere ndi masaka monga tinkachitira usiku, poti makina analipo otiganizira. Mapemphero anatalika. Pobwera, dzuwa litapendeka, chimene chinandiopsa ndi bata. Khola la anapiye silikhala chete.

Malata anali otentha osagwirika. M'katimo mababu onse anayi anali psuu. Kagalasi ka Arduino kankaonetsa madigiri 46, ndipo pansi pake panali mawu amene ndinawalemba ndekha: AZIMA. Kagetsi ka pa relay kanali kozima. Kompyuta inali italamula bwinobwino. Relay ndi imene sinamvere. Anapiye anali ataunjikana m'makona, kukamwa yasaa, mapiko ali tambasu. Mwa 150, tinatola akufa 64. Akazi anga sanandikalipire. Anatenga beseni n'kuyamba kutola, ndipo ndikanakonda akanandikalipira.

Madzulo kunabwera amalume, amene anakalambira pa ntchito ya zamagetsi ku fakitale ina ya tiyi ku Thyolo. Asanagwire kanthu anayamba azula pulagi, kenako anang'amba kabokosi kaja ndi mpeni. Tizitsulo tiwiri togundana tija tinali takuda, titamatirirana ngati tadutsa kwa owotcherera mageti. Anayesa kutilekanitsa ndi sikuludiraiva, koma ayi ndithu.

"Mphwanga, 10 A imene unawerengayi si bodza, koma si ya katundu aliyense," anatero.

Anandifotokozera zimene masamu anga sanaone. Kawaya ka m'babu kakakhala kozizira kamalola magetsi kudutsa mosavuta, moti pa kuphethira kwa diso koyamba kamakoka kakhumi kapena kuposa poyerekeza ndi kakatentha. Mababu anga a 4 A ankatha kukoka 40 A poyaka. Komanso tizitsuloto tikagundana sitikhazikika nthawi yomweyo, timayamba tanjanja, ndipo kunjanja kulikonse ndi kamoto kothetheka kamene kamasungunula pamwamba pake pang'onopang'ono. Opanga ma relay a mtundu uwu amati amapirira kuyatsa pafupifupi ka 100,000 atasenza katundu wosavuta. Yanga inkayatsa mwina pa masekondi 10 alionse, kutanthauza ka 8,640 pa tsiku. Chulukitsani ndi masiku 12. Moyo umene ukanatha zaka ndinaudya m'masabata awiri osakwana.

Anati mota ya pampu ya madzi kapena ya firiji nayo imatero, poyamba kuzungulira imakoka kasanu kapena kuposa. Kenako anandilozera mzere wina pa kabokosi komweko umene maso anga ankaulumpha: 10A 30VDC. Magetsi a m'nyumba amasintha mbali ndipo amafika pa ziro ka 100 pa sekondi, choncho kamoto kaja kamapeza pozimira. A batire ndi a sola alibe popumira. Moto ukayaka pakati pa tizitsulo umakakamira. N'chifukwa chake relay yomweyo yopirira 250 V ya pakhoma imaloledwa 30 V yokha ya batire. Amene mumalumikiza mapanelo angapo pamzere umodzi, nambala yanu ndi imeneyo.

Sanathere pomwepo. Anatsatira mawaya ndi chala napeza kuti relay ndinaiika pa waya wa neutral, kusiya wa live ukufika ku mababu nthawi zonse, ngakhale atazima. Kabolodi kanali pamtunda, pa thabwa, pakati pa utuchi wouma, zomangira za 230 V zili poyera pamene akazi anga ankadutsa ndi ndowa ya madzi. Fyuzi yoyenera mawaya anga opyapyalawo panalibe. Apa mawu awo anatsika.

"Mphwanga, lero mwalira nkhuku. Thokozani."

Sindinayankhe. Ndinkadziwa kale, kuchokera m'mabuku omwewo amene ndinkanyadira, kuti magetsi ochepa kuposa amene koyilo ija imadya akhoza kuimitsa mtima wa munthu.

Tinamanganso Loweruka lotsatira, iwo akulamula, ine ndikupatsira zida. Mu pulogalamu tinasiya mpata wa madigiri awiri pakati pa kuyatsa ndi kuzimitsa, ndipo nkhululu ija inaleka kulira. Relay yatsopano sisenzanso mababu, imangodzutsa contactor, mkulu wake wa tizitsulo tonenepa. Zonse zili m'bokosi lotseka, pa waya wa live, kuseri kwa fyuzi. Chimene amalume anaumirira kwambiri ndi thermostat wamba, yosadziwa Arduino n'komwe, imene imadula magetsi onse kutentha kukafika 38. Ndinadandaula kuti ikuonongetsa kukongola kwa ntchito yanga. Anangondiyang'ana.

Zikuyenda bwino tsopano, gulu lachitatu la anapiye lili m'khola. Koma mbaula ija ikadali pakhomo pa khola, makala ali momwemo, ndipo pakati pa usiku ndimamva akazi anga akufunafuna masilipasi mumdima.