Magalasi a AR ndi Kompyuta ya Patebulo: Zoyenera Kufufuza Musanagule

Magalasi a augmented reality, amene ambiri amangowatchula kuti magalasi a AR, ndi chipangizo chovala kumaso chimene chimaonetsa zithunzi zochokera mu kompyuta popanda kumutchinga wovala kuona zinthu zomuzungulira. Mitundu yofala, monga Xreal Air, Rokid Max ndi Viture One, ili ndi kasikirini kamodzi pa diso lililonse, kokhala ndi timadontho 1920 m'litali ndi 1080 m'lifupi, moti wovala amaona ngati sikirini yaikulu yapachikidwa m'malere patsogolo pake. Magalasiwa alibe batire, choncho chithunzi ndi moto zimadzera m'chingwe chimodzi cha USB-C, ndipo apa ndi pamene pagona vuto kwa mwini kompyuta ya patebulo.

Timabowo ta USB-C timaoneka tofanana, koma si tonse timene timatulutsa chithunzi. Kabowo koyenera ndi kokhala ndi luso lotchedwa DisplayPort Alternate Mode, limene bungwe la VESA linakhazikitsa mu 2014, lolola chithunzi kudutsa m'mawaya amene mwa nthawi zonse amanyamula mafayilo. Malaputopu ambiri a masiku ano ali nalo lusoli, pamene makompyuta ambiri a patebulo alibe, chifukwa chithunzi chawo chimatulukira pa khadi la zithunzi, limene kawirikawiri limakhala ndi timabowo ta HDMI ndi DisplayPort tokha. Kabowo ka USB-C kakutsogolo kwa bokosi la kompyuta nthawi zambiri ndi kamafayilo basi, ndipo magalasi akalowetsedwa pamenepo saonetsa kanthu ngakhale ali abwinobwino.

Poyamba, wofuna kugula ayang'ane kumbuyo kwa bokosi. Chizindikiro cha mphezi pambali pa kabowo chimasonyeza Thunderbolt, ndipo chokhala ndi zilembo D ndi P chimasonyeza DisplayPort. Zonsezi ndi zolimbikitsa, ngakhale kuti opanga ambiri sajambulapo kalikonse, kotero umboni wodalirika uli m'buku la motherboard, limene ndi bolodi lalikulu lolumikiza ziwalo zonse za kompyuta. Kabowo ka pa bolodili kamatenga chithunzi kuchokera ku purosesa, osati ku khadi, pokhapokha bolodi litakhala ndi polowetsera DisplayPort. Ichi ndi chifukwa chake mapurosesa a Intel amene dzina lawo limathera ndi F, omwe alibe gawo lopanga zithunzi, sangathandize kudzera njirayi. Makhadi ochepa, monga ena a Nvidia RTX 2080 a mu 2018, ali ndi USB-C yawoyawo, koma zimenezi sizinafale.

Kompyuta ikakhala yopanda kabowo koyenera, pamafunika adaputa yolandira chithunzi kuchokera ku HDMI kapena DisplayPort n'kuchitulutsira ku USB-C, yokhalanso ndi chingwe chachiwiri chotengera moto. Apa ndalama zimatayika mosavuta, pakuti zingwe zofala m'masitolo ndi zochotsa chithunzi ku USB-C kupita ku HDMI, ndipo sizigwira ntchito chobwerera. Chingwe chotchajira foni nachonso sichiyenera kudaliridwa; chabwino ndi chimene chimabwera ndi magalasiwo.

Chithunzi chikaoneka, Windows imawatenga magalasi ngati sikirini yachiwiri, ndipo kudina batani la Windows pamodzi ndi P kumapereka mwayi wosankha kaonetsedwe. Komabe, kuti sikirini iime malo amodzi mutu ukamatembenuka, mitundu yambiri imadalira pulogalamu, monga Nebula ya Xreal kapena SpaceWalker ya Viture, imene imawerenga kayendedwe ka mutu kudzera mu USB. Adaputa yongopereka chithunzi ndi moto siitumiza uthengawu, ndipo sikirini imangotsatira mutu kulikonse kumene walozetsa, chinthu chotopetsa kwa wowerenga nthawi yaitali. Xreal One, imene inatuluka mu 2024, imagwira ntchitoyi m'kati mwa magalasi momwemo, motero sifuna pulogalamu pa kompyuta.