Kantchentche aka n'ka banja liti?

Wofunsa: Alangizi, kwa ine tintchentche ting'onoting'ono timangofanana tonse. Ndiyambire pati?

Mlangizi: Yambani ndi mapiko. Ntchentche yeniyeni ili ndi awiri okha, ndipo kumbuyo kwa mapikowo kuli tinthu tiwiri tonga mapini. Mukapeza mapiko anayi, mwina mwagwira kamavu. Mukatero tengani galasi lokulitsa muone tinyanga ta kumutu. Kuda kapena kufiira kwa thupi musakudalire, kumanamiza.

Wofunsa: Tinyanga tokhato tingandiuze zambiri?

Mlangizi: Kwambiri. Tikakhala titalititali, ta mfundo zambiri, muli kufupi ndi udzudzu. Nkhungu zija zimafuka ngati utsi pa nyanja ya Malawi, anthu n'kumaziumba kukhala ndiwo, n'za banja la Chaoboridae. Zimafanana ndi udzudzu, koma zilibe mlomo wautali woboolera khungu la munthu, n'chifukwa chake siziluma. Kantchentche kaubweya, ka mapiko onga tsamba, kokonda khoma la m'bafa, n'ka Psychodidae.

Wofunsa: Nanga toundana pa nthochi zakupsa?

Mlangizi: Kawirikawiri ndi Drosophilidae: maso ofiira, tinyanga tatifupi tokhala ndi tsitsi limodzi la nthambinthambi. Musatisokoneze ndi Tephritidae, zokulirapo, zambiri za mapiko amawangamawanga, zomwe zimaikira mazira m'mango akadali mumtengo. Mlimi adere nkhawa zimenezi.

Wofunsa: Dzulo ndinagwira ka msana wa linunda. Kameneka n'koopsa?

Mlangizi: Apa m'pofunika kudekha, chifukwa mabanja awiri ali ndi linunda. Ka Phoridae kamakonda kuthamanga modukizadukiza patebulo m'malo mouluka, ndipo nyanga yake ndi kampira kokhala ndi tsitsi limodzi. Sikaluma munthu. Koma ka Simuliidae n'kojintcha, ka mapiko otambalala, tinyanga take tatifupi koma ta mfundo zingapo, topanda tsitsi lija. Kameneka kamaswana m'mitsinje yothamanga, monga ya ku Thyolo ndi Mulanje, kamaluma masana, ndipo mitundu ina imafalitsa onchocerciasis, nthenda yoyabwitsa thupi yomwe imatha kuwononga maso. Kodi inu munakagwira kuti?

Wofunsa: Kukhitchini, pafupi ndi zinyalala.

Mlangizi: Ndiye ndikuganiza kuti n'ka Phoridae, komabe ndikufuna ndikaone ndi maso anga. Mukagwiranso kena musakatswanye ndi chala. Kaikeni m'kabotolo ka sipiriti, mulembe malo ndi tsiku, mubwere nako mapiko ali athunthu, chifukwa mitsempha ya m'mapiko ndiyo idzatitsimikizire.