Mbale Yabwino Imasemedwa Kawiri

Munthu akayamba kusema pa makina ozungulira, amene amisiri amawatchula lathe, sachedwa kudziwa kubulungiza mtengo. Pakapita masabata owerengeka amatha kupanga chigwiriro cha tchizulo, choikapo kandulo, ngakhale mwendo wa tebulo. Tsono ambiri amalekera pomwepo, nayesa kuti ntchito aitha. Koma taganizani za mayi amene agula mbale ya mtengo mu Mzuzu mwezi wa Epulo, napita nayo kwawo ku Karonga, ndi kuipeza itang'aluka mu Okutobala. Mayi ameneyo sabweranso, ndipo amauza anzake. Phunziro la mwezi uno ndi la inu amene mudziwa kale kugwira chitsulo, kaya munaphunzira ukalipentala pa Mzuzu Technical College kaya kwa mmisiri wa kumudzi, kaya makina anu ndi amagetsi kapena opukusa ndi manja.

Chimene chimang'alula mbale ndi madzi. Mtengo wongodulidwa kumene uli ndi madzi ambiri, ndipo mitengo ina theka la kulemera kwake ndi madzi okhaokha. Madzi oyamba kutuluka sasintha kukula kwa mtengo. Koma akachepa kufika pafupifupi magawo 30 pa 100 poyerekeza ndi kulemera kwa mtengo wouma gwa, mtengowo umayamba kunyala. Vuto ndi lakuti sunyala mofanana mbali zonse. M'litali mwake sufupika kwenikweni. Mopingasa umanyala, ndipo kunyala kotsata mizere yozungulira ija mumaiona pa chitsa kumaposa pafupifupi kawiri kunyala kochokera pakati kupita ku khungwa. Mbali ina ikamakoka kwambiri ina ikukoka pang'ono, mtengo umapindika, ndipo ukalephera kupindika umang'aluka.

Amisiri a ku Mzuzu ayenera kusamala koposa anzawo a kwina. Mzindawu uli pamtunda wopitirira mamita 1,200, mvula imakhalitsa kufikira Epulo ndi Meyi, ndipo nkhungu ndi mawawa sizisowa ngakhale nyengo yozizira. Mtengo umene ukuoneka wouma ku Chibavi kapena ku Luwinga ukadali ndi madzi oti nkutaya ukafika kotentha. Chipika chonenepa mainchesi 4 sichiuma msanga ayi. Akalipentala amati thabwa limafuna chaka chathunthu pa inchi iliyonse ya kunenepa kwake. Ndani angadikire zaka 4 kuti aseme mbale imodzi? Njira yake ndiyo kusema kawiri.

Poyamba dulani chipika chotalika kuposa pang'ono kukula kwa mbale yanu, ndipo muchiwaze pakati m'litali ndi sowo. Mtima wa mtengo, kaja kali pakati penipeni, muuchotseretu, pakuti ming'alu yambiri imayambira pamenepo. Ambiri amachita nawo umbombo mtimawo pofuna kuti mbale ikhale yakuya, ndipo amataya mbale yonse chifukwa cha theka la inchi. Chipika chimodzi chikupatsani mbale ziwiri. Mbali yowazidwa ndiyo ikhale kukamwa kwa mbale, mbali ya khungwa ikhale kunsi.

Semani mtengo ukadali wauwisi. Mudzaona kuti ndi wofewa, chitsulo sichifulumira kubuntha, ndiponso fumbi palibe. Koma musamalize. Siyani khoma la mbale lonenepa gawo limodzi pa magawo 10 a kukula kwa mbaleyo: mbale ya mainchesi 10 ikhale ndi khoma la inchi imodzi, ya mainchesi 15 inchi imodzi ndi theka. Khomalo lifanane kuyambira kukamwa kufikira pansi. Mukasiya pansi ponenepa kwambiri, m'mphepete mudzauma pansi pakadali ponyowa, ndipo mng'alu udzatsika kuchokera kukamwa. Mukachepetsa khoma kwambiri, mbale ikapindika simudzapeza poibulungizanso.

Mukatsitsa mbale pa makina, pakani phula losungunula, guluu wa matabwa kapena penti yotsala kumbali ziwiri kumene mitsempha ya mtengo yadukira, chifukwa madzi amathamangira kutulukira kumeneko. Kenaka iikeni m'katoni kapena m'thumba la pepala, nimuisunge m'nyumba pamthunzi, kutali ndi moto ndi mphepo yowomba. Padzuwa ayi, ngakhale tsiku limodzi. Muziitsegula kawirikawiri masabata oyamba, pakuti ku Mzuzu kuno nkhungu imagwira msanga, ndipo paini amachita mawanga obiriwira amene sachoka ndi sandipepala. Lembani ndi pensulo pansi pa mbale tsiku limene mwaisema ndi kulemera kwake. Sikelo ya pagolosale ikwanira. Muziiyeza kamodzi pa mwezi, ndipo kulemera kukaleka kutsika miyezi iwiri yotsatizana, yauma. Zimatenga miyezi ingapo, mwina 6 kapena kuposapo, malinga ndi mtundu wa mtengo ndi nyengo. Mudzaipeza yasanduka ngati dzira, yotalika mbali imodzi. Musadandaule, ndi mmene iyenera kukhalira.

Mitengo imasiyana khalidwe. Mlombwa umanyala pang'ono kwambiri, nchifukwa chake amisiri amaukonda. Mbawa nayo ndi yofatsa. Bulugamu ndi wa mwano: amanyala kwambiri ndi kung'aluka msanga, kotero afuna kuumitsidwa pang'onopang'ono. Paini wa ku Chikangawa, kumene kunabzalidwa mahekitala pafupifupi 53,000, sachedwa kuuma koma ndi wofewa, ndipo amanyotsoka chitsulo chikangobuntha pang'ono. Malaina ndi mango ndi abwino kuphunzirirapo. Kumbukiraninso kuti mitengo yachilengedwe imatetezedwa ndi lamulo la nkhalango la 1997, limene linakonzedwanso mu 2020, ndipo za chilolezo mufunse ku ofesi ya zankhalango. Phingo kuyambira 2017, ndi mlombwa ndi mbawa kuyambira 2023, zili pa mndandanda wa pangano la maiko la CITES, kotero matabwa ake satuluka m'dziko popanda makalata. Mtengo wosowa chotere nkuuwononga ndi mng'alu ndi zomvetsa chisoni.

Tsopano kusema kwachiwiri. Bwezani mbale pa makina, muimange zolimba, ndipo muyambe mozungulitsa pang'onopang'ono popeza siili yobulungira. Pali kawerengedwe kothandiza a makina amagetsi: chulukitsani mainchesi a mbale ndi maulendo amene makina azungulira pa mphindi, yankho lisapitirire 9,000. Mbale ya mainchesi 10 isapyole maulendo 900, ndipo poyamba ikhale pansi kwambiri pa apo. Musaime moyang'anana ndi m'mphepete mwa mbale poyatsa makina.

Mtengo wouma ndiwo umaulula mmisiri. Wongoyamba kumene amapala, nadalira sandipepala kubisa mabala. Wodziwa amadula. Msana wa chitsulo, kuseri kwa mpeni wake, uyambe wakhudza mtengo, ndipo mukweze chigwiriro pang'ono kufikira mpeni utayamba kudya. Kunja kwa mbale yendani kuchokera kunsi kupita kukamwa, m'kati kuchokera kukamwa kutsikira pakati. Mukatero mitsempha imene mukudula imachirikizidwa ndi inzake, ndipo sinyotsoka. Chitsulo chikamatulutsa utuchi m'malo mwa zosenda zopotana, imani mukanole. Ponola pa galayinda muzichiviika m'madzi, chifukwa chitsulo wamba chikafika posanduka chobiriwira chafewa, sichisunganso mpeni. Ena amasula zitsulo zawo kuchokera ku mafayilo akale. Ife tikuti lekani, pakuti fayilo ndi yophweka kuthyoka ndipo zidutswa zake zimalasa nkhope. Mangani kansalu pamphuno popalasa ndi sandipepala, ndipo mbale yodyera mupake phula la njuchi, osati oyilo wa galimoto.

Aphunzitsi angathe kuonetsa ana zonsezi popanda makina. Dulani timagawo tiwiri topyapyala pa nthambi yauwisi ya bulugamu. Kamodzi kasiyeni kathunthu, kenako kawazeni pakati kudutsa pa mtima. Ana ayeze ndi kulemba kulemera kwake Lolemba lililonse. Pakutha kwa temu aone kamene kang'aluka, ndiponso aike rula pa mbali yowazidwa ija aone ngati ikadali yowongoka.