Mmene Ndinaphunzirira Kujambula Nyumba Yocheka pa Thabwa

Anzanga ambiri a m'chipinda chathu chogona akhala akundifunsa chimene ndimachita Loweruka masana m'nyumba ya ukalipentala pamene iwo ali ku mpira. Ena anaona kathabwa kokhala ndi chithunzi cha tchalitchi kamene ndinapachika pamwamba pa bedi langa teremu yathayi, nandipempha kuti ndiwaphunzitse. Ine sindine mmisiri ayi, ndayamba ntchitoyi chaka chino chomwe. Koma popeza a mkonzi andipatsa malo, ndifuna kulongosola zimene ndaphunzira, makamaka za kajambulidwe, pakuti mpamene ndinapunthwa ine.

Ntchito yake ndi iyi: munthu atenga thabwa lopyapyala, najambulapo chinthu, nachotsa ndi sowo zigawo zina kuti kuwala kudzere m'mabowomo, ndipo chotsalacho chioneka ngati chithunzi. Ku Ulaya ndi ku America ambiri amachita ndi makina a magetsi otchedwa scroll saw, amene kalumo kake kamakwera ndi kutsika kokha. Ife pano tili ndi sowo ya manja yotchedwa fretsaw, yachitsulo chokhota ngati U wamtali, ndipo kalumo kake ndi kowonda ngati ulusi wosokera nsapato, kotalika masentimita 13. Koma kaya makina kaya manja, chojambula cha pa pepala ndi chimodzimodzi, ndipo chikalakwika pa pepala palibe sowo imene ingachikonze.

Chimene chinandiyambitsa ndi tchalitchi cha m'mudzi mwathu, chakufupi ndi Mkanda. Ncha njerwa zootcha, ndipo agogo anga aamuna anaumba nawo njerwazo ali mnyamata. Tsopano chachepa, khoma lake lang'ambika, kotero mpingo unagwirizana kuti anthu akatha kukolola chigwetsedwe, pamangidwe china. Agogo sanatsutse, koma ndinaona kuti akamadutsa pamenepo amaima nthawi yaitali. Ndinaganiza zoti ndiwachekere chithunzi chake.

Ndisabise, nditayamba kugwira sowo mtima unakula, ndinafuna kuyamba ndi nyumba ya seminale ya Kachebere, imene ansembe a White Fathers anayamba m'chaka cha 1939 kufupi ndi malire a Zambia. Aphunzitsi athu a ukalipentala anangondifunsa kuti, "Kodi mazenera ake unawawerenga? Zenera lililonse ndi bowo, bowo lililonse umasula kalumo, ukalowetse, ukamangenso. Yamba ndi nyumba ya chitseko chimodzi." Ndinabwerera ku tchalitchi chathu chija, ndipo langizo lomwelo ndipereka kwa inu: sankhani nyumba yaing'ono imene muidziwa bwino, ndipo muijambule mutaima patsogolo pake penipeni, osati chammbali. Chithunzi cha chammbali chifuna mizere yopendekeka yambiri, ndipo woyamba kumene sangaithe.

Choyamba ndicho kuyeza. Pa tchuthi cha Khirisimasi ndinatenga chingwe ndi rula, ndipo ndinapeza kuti kutsogolo kwa tchalitchi ndi mamita 9 mulifupi. Msinkhu wake sindikanatha kukwera kukauyeza, tsono ndinakumbukira phunziro la masamu la matrayango ofanana. M'mawa wina dzuwa litawala ndinaimika ndodo ya mita imodzi, mthunzi wake unali masentimita 80. Nthawi yomweyo ndinayeza kuchokera pakhomo, pamene pali pansi penipeni pa nsonga ya denga, kufikira pamene panathera mthunzi wa nsongayo, ndipo panali mamita 5.6. Mukagawa 5.6 ndi 0.8 mupeza 7. Ndiye kuti nsonga ya denga ili mamita 7 kuchokera pansi. Inu amene mumati masamu a Fomu 2 alibe ntchito, yesani zimenezi. Za mazenera ndinangowerenga mizere ya njerwa: mizere ingati kuchokera pansi kufika pa zenera, ingati kufika pamwamba pake.

Tsono tengani pepala la magirafu lomwe lija timagwiritsa ntchito m'kalasi. Bokosi lake lalikulu ndi masentimita 2, ndipo ine ndinaliyesa mita imodzi. Kabokosi kakang'ono ka mamilimita 2 kanakhala masentimita 10. Motero tchalitchi changa chinakhala masentimita 18 mulifupi ndi 14 msinkhu wake. Ngati nyumba ili yofanana mbali zonse ziwiri, pindani pepala pakati, mujambule theka lokha, ndipo theka linalo mulitsatire pa galasi la zenera dzuwa likuwala kuseri. Mukachita motero zenera lakumanja silidzakula kuposa lakumanzere.

Kufikira apa zonse zinayenda bwino, ndipo ndinadziyesa wanzeru. Ndinajambula monga timachitira pa phunziro la zojambula: mzere kuzungulira chitseko, mzere kuzungulira zenera lobulungira la pamwamba pa chitseko ndi mtanda m'kati mwake, mzere wolekanitsa denga ndi khoma. Ndinakopera pa plywood ndi pepala la kaboni, ndi kuyamba kucheka motsata mizere yonseyo. Nditazungulira chitseko, chitseko chonse chinagwa pansi pamodzi ndi zokongoletsa zimene ndinathera ola lathunthu kuzicheka. Zenera lobulungira linagwa ndi mtanda wake womwe. Ndikanaleka pomwepo, koma ukali unandigwira, ndinapitiriza, ndipo mzere wa denga utafika kumapeto ndinatsala ndi denga m'dzanja lamanzere, khoma m'dzanja lamanja. Malumo atatu anathyoka tsiku limenelo, pamene aphunzitsi amachita kukagula ku Lilongwe. Ndipo mwa timatabwa tiwiri timene ndinapempha kwa amalume, tochokera kumbuyo kwa kabati yakale, kanatsala kamodzi kokha.

Aphunzitsi sanandikalipire. Anatola zidutswa zija, nazitaya m'bokosi la utuchi, nanditengera panja pamene panali thumba lakale lolembedwa zilembo za penti. "Yang'ana O uyu," anatero. "Chifukwa chiyani ali woduka pamwamba ndi pansi?" Ndinayang'ana, ndipo ndinaona kuti A ndi D nazonso zinali zoduka. Amene amalemba pa matumba ndi pa mabelo a fodya amapaka penti pa lata lobowola, ndipo akanati azungulire O yense, kachidutswa ka pakati kakanagwa. Tsono amasiya timizere tiwiri ta lata togwira pakatipo. Timeneto aphunzitsi anatitcha milatho.

Apa ndi pamene pagona phunziro lonse. Pa pepala mzere ndi mzere chabe, koma pa thabwa mzere ndi mpata, ndipo chilichonse chimene mpata wachizungulira chigwa. Wojambula chinthu chocheka asamaganize za mizere ayi. Aziganiza za zinthu ziwiri zokha, thabwa ndi bowo, ndipo pa kabokosi kalikonse ka pepala adziwe ngati pakhala thabwa kapena bowo. Thabwa lonse lotsala liyenera kukhala chinthu chimodzi chogwirana. Njira yake ndi kudetsa ndi pensulo malo onse amene adzachotsedwa, osasiya pena. Mukatha, ikani chala pa malo oyera a m'mphepete, muyende nacho kupita ku malo oyera ena onse osadutsa pakuda. Malo amene chala chalephera kufikako ndi chisumbu, ndipo afuna mlatho.

Ndinajambulanso. Denga sindinalilekanitse ndi mzere umodzi wautali, koma ndi timipata tifupitifupi tosiyana mamilimita 5, ndipo diso la munthu limatilumikiza lokha. Chitseko ndinachicheka mbali ya kumanja ndi pamwamba, mbali ya kumanzere ndinasiya milatho iwiri pamalo pa mahinjesi, ndi wina waung'ono pa loko. Chitseko chenicheni chigwira pomwepo, kotero milathoyo sioneka ngati yachilendo. Pa zenera lobulungira ndinatalikitsa manja anayi a mtanda kufikira anakhudza khoma, ndipo panatsala mabowo anayi okha ocheka. Nyumba ndi yabwino kuphunzirapo chifukwa cha chimenechi: omanga anaika kale milatho, ndiyo mafelemu, nsanamira ndi mitanda ya denga, ife tingoifunafuna.

Vuto lachiwiri ndi kuonda kwa milatho. Mitanda ya m'mazenera athu ndi ya masentimita 5. Pa muyeso wanga ikanakhala milimita imodzi, ndipo plywood ya mamilimita 4 yoonda chotero ithyoka sowo isanachoke. Aphunzitsi anati mlatho usachepere mamilimita 3. Nditainenepetsa motero, magalasi 8 a zenera lililonse sanakwanenso, ndipo ndinawasandutsa 4. Zinandiwawa, pakuti ndinaona ngati ndikunama. Njerwa nazonso ndinafuna kuzionetsa zonse, koma mukacheka njerwa iliyonse khoma likhala sefa. Ndinangoika timipata tisanu pa ngodya yapansi, ndipo aliyense woona amati khomalo ndi la njerwa. Ogwiritsa ntchito thabwa wamba, monga paini kapena malaina, akumbukirenso kuti limang'ambika motsata mitsempha yake, ndipo mlatho wopingasa mitsempha uthyoka msanga. Plywood ndi yolimba mbali zonse chifukwa timatabwa take tomatidwa tinapingasana.

Ndisanakhudze thabwa lomalizalo, aphunzitsi anandilamula kucheka pepala lenilenilo ndi lezala. Ndinadandaula kuti ndi ntchito iwiri, ndipo ndinawakumbutsa nkhani imene anatiuza okha, ya tchalitchi cha St Michael and All Angels cha ku Blantyre, chimene David Clement Scott anamanga ndi anthu a kumeneko kuyambira 1888 kufikira 1891, iye wosaphunzira za kumanga, ndiponso popanda pulani yolembedwa. Ndinati, "Nanga Bambo, iye anatha bwanji?" Anaseka, nati, "Sunamve yonse. Iwo ankayamba ayala njerwa zouma popanda dothi, aone ngati zikhala, kenaka n'kumanga. Pepala lako ndilo njerwa zouma." Ndinakopera chojambula changa pa pepala lina, ndi kulicheka, ndi kulinyamula m'mwamba. Palibe chinagwa, koma ngodya imodzi ya denga inalendewera, ndipo ndinaonjezerapo mlatho.

Za kacheketsedwe sindinena zambiri, pakuti manja aphunzira okha. Mano a kalumo ayang'ane pansi. Bowolani kabowo pa malo akuda alionse, muyambe ndi mabowo ang'onoang'ono a pakati thabwa likali lolimba, ndipo mphepete ya kunja ikhale yomaliza. Pa ngodya musakhotetse sowo. Iziyenda pamalo amodzi pamene dzanja lamanzere likutembenuza thabwa pang'onopang'ono. Mabowo anga anali 31, ndipo ananditengera Maloweruka anayi ndi kalumo kamodzi kokha kothyoka.

Pa tchuthi cha Pasaka ndinapita nako kwathu. Agogo anakatenga, nakapenyetsetsa moyang'anitsa ku dzuwa, ndipo anayamba kuwerenga ndi chala. "Mdzukulu wanga, magalasi anali 8, iwe waika 4." Ndinawalongosolera za milatho ndi mamilimita, iwo nkumangogwedeza mutu. Kenaka analoza timipata tisanu ta pa ngodya tija, nati ngodya imeneyo ndiyo anamanga ndi akulu awo amene anamwalira ine ndisanabadwe. Ine sindinadziwe, ndinangosankhapo chifukwa panali malo. Anaitana agogo aakazi kuti apeze msomali, nakapachika pa zenera la chipinda chawo, pamene dzuwa la m'mawa limadzera m'mabowomo ndi kulemba tchalitchicho pa khoma la kutsidya.

Teremu ino ndayamba kuyeza chipata cha sukulu yathu. Wofuna kuphunzira abwere Loweruka 2 koloko ndi pepala la magirafu, pensulo ndi lezala; sowo ilipo imodzi, ndipo aphunzitsi anena kuti saigwira munthu amene pepala lake lisananyamulidwe m'mwamba.