MADZI A LIKANGALA NDI NSOMBA ZA M'CHILWA

Inu eni mabanja okhala m'mbali mwa Likangala, Mulunguzi ndi Domasi, tamverani cimene ophunzira a ku sukulu yaikuru ya ku Zomba amasanthula, pakuti cikhudza minda yanu ndi ndiwo za ana anu.

Mitsinje iyi icokera ku mapiri a Zomba ndi Malosa, ndipo madzi ace atsikira ku nyanja ya Chilwa. Nyanjayi iribe mtsinje woturuka m'menemo. Madzi auma ndi dzuwa, koma mcere ndi zonyansa zitsalira momwemo. Cifukwa cace cimene munthu ataya m'Likangala pa Zomba cifikira msodzi wa ku Kaculu.

Kuyambira 1966 kufikira 1976 aphunzitsi a University of Malawi anasanthula nyanjayi, ndipo Margaret Kalk ndi anzace awiri anasonkhanitsa zimene anapeza m'buku la 1979. Pakati pa nchitoyo, mu 1968, nyanja inaphwa. Matemba, makumba ndi milamba zinapulumukira m'maiwe a mitsinje ndi m'madambo, ndipo pobwera madzi zinaswananso. Mu 1995 inaphwanso, ndipo mafumu anacenjeza anthu asathire katupe m'maiwe. Cotero dziwe la m'mudzi mwanu ndilo nkhokwe ya mbeu ya nsomba.

Chancellor College inasamukira ku Zomba mu 1973, ndipo kuyambira 2021 ichedwa University of Malawi. Wophunzira atunga madzi m'mabotolo kumtunda, pa tauni ndi kumunsi, nayesa mpweya umene nsomba zipuma, ndi mcere wa feteleza, ndi tizirombo ta m'cimbudzi. Abvundukulanso miyala, nawerenga tizamoyo tokhala pansi pace, popeza tina tikhala m'madzi oyera okha. Tikasowa, adziwa kuti mtsinje wadwala.

Zoipsa madzi nzinai. Dothi lokokoloka m'minda likwirira maiwe. Feteleza wotengedwa ndi mvula acurukitsa ndere, ndipo ndere pobvunda zitha mpweya, nsomba nizifa. Mankhwala ena ophera mbozi, monga DDT, saonongeka msanga: akhala m'mafuta a nsomba, nalowa m'thupi la mbalame kapena munthu wakudya nsombayo. Ndipo cimbudzi ca munthu cinyamula kolera, amene anagwira asodzi a pa zimbowera mu 2015 ndi 2016.

Tsono citani izi:

1. Musalime kufikira pa gombe. Siyani bango, nsenjere ndi mikuyu zigwire dothi.
2. Akani mizere yopingasa pa mtsetse, nimukwirire feteleza pa phando.
3. Musatsuke pampu kapena botolo la mankhwala mumtsinje, ndipo musatungiremo madzi akumwa.
4. Kumbani cimbudzi kutali ndi madzi, mamita 30 kapena koposa, ndi kumunsi kwa citsime.
5. Letsani katupe, makamaka m'caka ca cirala.

Ophunzira akadza ndi mabotolo ao, muwalandire, nimuwaonetse pamene nsomba zinafera ndi mwezi umene madzi anasanduka. Iwo adziwa kuyesa, koma inu mudziwa mtsinje cibadwire. Ndipo mwana wanu akakhoza sukulu nafuna maphunziro awa, musamletse, pakuti adzasunga madzi amene adzukulu anu adzamwa.