Azakhali, tikufuna kukamangitsa ukwati m'nkhalango ya pa Zomba

Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 29, ndimagwira ntchito mu Blantyre. Ndili pa chibwenzi ndi mnyamata wa zaka 32 ndipo tagwirizana zomanga banja, koma ukwati wa m'holo sitikuufuna. Chaka chatha ndinali m'komiti ya ukwati wa mkulu wanga ndipo ndinaona zokhoma: misonkhano Loweruka lililonse, anthu kulonjeza ndalama osapereka, kukangana za mtundu wa nsalu, ndipo mpaka lero ngongole sinathe. Ife tikufuna kukwera phiri la Zomba mwakachetechete, ine ndi iye, anzathu awiri ndi wojambula zithunzi, tikalumbire pansi pa mitengo, abale adzamve zitatha. Ndinaona zithunzi za azungu pa Instagram akuchita zoterezi ndipo zinandigwira mtima. Tiyambire pati? Nanga mayi ndiwauze liti?

Wotopa ndi makomiti, Chilomoni

Mwana wanga Wotopa,

Kalata yakoyi ndachita kuivalira magalasi, poganiza kuti mwina maso ayamba kundinamiza. Ayi ndithu, walemba kuti m'nkhalango. Kale mtsikana akapezeka m'thengo ndi mnyamata, nkhani inkathera pabwalo la amfumu ndipo mbuzi inkatuluka m'khola. Lero mukuitanirako wojambula zithunzi, n'kumulipiranso. Ife zatipitirira.

Koma usaope, sindikukalipira. Pa nkhani ya makomitiyi ndili kumbali yako. Maukwati a m'tauni afika potopetsa. Kuyamba chinkhoswe cha m'holo, kubwera bridal shower, kenaka send-off, ndiye ukwati weniweniwo, paliponse khadi, paliponse yunifomu ya nsalu yatsopano. Tsiku la ukwati akwati amaimikidwa kutsogolo ndi mbale m'manja kuyambira 2 koloko mpaka dzuwa kulowa, a MC ali kalikiliki kuitana magulu: akuchimuna, akuchikazi, akuntchito, akumpingo, ophunzira nawo kusekondale, ovala zofiira, mpaka ochemerera Bullets ndi a Wanderers. Anthu amayamba asinthitsa ndalama zawo kwa makashiya kuti aziponya K50 imodziimodzi, aoneke nthawi yaitali pa kamera. Usiku powerenga n'kupeza kuti sizikukwana ndi za wokongoletsa holo zomwe. Ndiye ukati zimenezo sukuzifuna, ine ndikuti wakula.

Pamene wandiimitsa mutu ndi pa mawu akuti abale adzamve zitatha. Apa ndiye khala pansi, upinde miyendo.

Chigulu chodzadya mpunga ukhoza kuchisiya, palibe adzakumange. Ankhoswe sasiyidwa. Lero muli pa "bebi" ndi "switi", koma tsiku likubwera loti mwamunayo adzagona kunja, kapena iweyo udzaphika ndiwo za mchere wambiri dala sabata yonse. Tsiku limenelo mudzapita kwa yani? Kwa mtengo wa paini? Anzanu awiri mukuwatengawo adzakhala ali ku Joni kapena atakwatira, foni sakuyankha. Ndipo mikangano ndi yaing'ono. Taganiza matenda aakulu, taganiza maliro, Mulungu atalikitse. Mwamuna amene wasunga mwana wa eni popanda ankhoswe, zikavuta amamva mawu owawa akuti "ife sitikukudziwani", ndipo mwambo wa maliro umaima mpaka mlandu utakambidwa. Nayenso mkazi amene akuchimuna sakumudziwa, mwamuna akatsogola amangoona katundu akutuluka pakhomo. Zimenezi zithunzi za pa Instagram sizionetsa.

Tsono chita chonchi. Pempha chinkhoswe cha m'nyumba. Amalume ako, amene ndi eni mbumba, akumane ndi amalume a mnyamatayo pabalaza pa mayi ako. Anthu khumi akwana. Asinthane tambala ndi thadzi, anene mawu awo, amwe thobwa, basi. Palibe holo, palibe DJ, palibe atsikana obisidwa m'zitenje kuti mnyamata azilipira powavundukula. Zikatero ukwati wako wadziwika, ndipo ukakwera phiri ukukwera ngati mkazi wa mwini, osati wothawitsidwa.

Kenaka pali boma. Lamulo la maukwati la 2015 limazindikira ukwati wa kwa DC, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, ndi wa mwambo. Limazindikiranso wa anthu ongolowana, koma umenewo ndi khoti limene limagamula, ndipo limayamba laona ngati mwakhala limodzi zaka zosachepera 5. Kodi ukufuna kudikira zaka 5 kuti woweruza adzakuuze ngati uli pabanja? Kulumbira pansi pa mtengo, ngakhale mutalira misozi yodzaza ndowa, si mtchatho. Mukasankha njira ya kwa DC, mumakapereka chidziwitso ndipo chimakhomedwa poyera masiku 21 kuti wotsutsa atsutse. Pa tsikulo pamafunika mboni ziwiri. Mwachizolowezi ukwati wotere umamangidwira ku ofesi komweko, choncho chapafupi n'kusaina m'mawa kapena dzulo lake, mtchatho uli m'chikwama ndiye muzikwera phiri kukauzana zotsekemerazo. Mukasankha kumpingo, mipingo yambiri imalengeza masabata atatu. Ngati ndinu a Katolika usavutike n'kunyengerera abambo mfumu, lamulo la mpingo limafuna ukwati m'tchalitchi pokhapokha a episkopi ataloleza. Abusa a mipingo ina amavomera kukadalitsa panja, koma kawafunseni msanga, safunsa anadya phula. Uwauziretu kuti kuli chitunda, asadzabwere ndi nsapato zosongoka.

Ndisanapitirire, funso limodzi, ndipo uliyankhe mumtima. Nzeru yobisa abaleyi inayamba ndi ndani? Ngati ndi iwe, chabwino. Ngati ndi iye, ndipo ukatchula za masiku 21 aja amayamba kutsokomola, ukatchula za amalume ake amati ali kutali, kumudzi kwawo sunapondeko, mwanawe tsegula maso. Mwamuna wokonda nkhalango mopitirira muyeso nthawi zina amakhala ndi mkazi ndi ana atatu ku Mchinji. Sindikuti wakoyo ali choncho. Ndangofunsa.

Tsopano tikwere phiri lakolo. Wasankha bwino, sindikana. Kuchoka ku Blantyre kufika mu Zomba sipakwana makilomita 70, ndipo kuchoka m'tauni msewu wa tala umakwera mokhotakhota mpaka pa hotelo ya Ku Chawe. Nsonga yaitali ya phirili, Malumbe, imapitirira mamita 2,000, ndiye udziwiretu kuti mphepo ya kumeneko si ya ku Chilomoni. Kupitirira pa hotelo misewu yambiri ndi yafumbi, ina ya miyala, ina yokumbika ndi malole onyamula matabwa. Ngati kagalimoto kako n'kotsika mimba ukasiye pamwamba pa tala, mupeze galimoto yaitali miyendo, apo ayi mkwati adzafika pa malumbiro atakankha, thukuta lili kamukamu.

Mwezi ndiye nkhani yaikulu. Kuyambira Disembala mpaka Malichi iwalako, ndi mvula, matope ndi mphezi, ndipo pansi pa mtengo wautali si pobisalira mphezi. Juni ndi Julayi kuli chiperoni: nkhungu imatha kuphimba phiri lonse tsiku lathunthu, kamvula kowaza kali waa, wojambula wako n'kujambula utsi woyera wokhawokha, iwe mano akugundana m'diresi lopanda manja. Seputembala ndi Okutobala kumatentha, udzu wauma, ndiyo nyengo ya moto wolusa ndipo kumwamba kumachita chimbuuzi moti Mulanje saoneka. Ine ndikanati kumapeto kwa Epulo kapena Meyi. Mvula yatha, kukadali kobiriwira, mathithi ali ndi madzi, kumwamba kuli mbee. Yambani cha m'ma 9 kapena 10 m'mawa, mame atakamuka, ndipo mutsike kusanade. Juzi tenga ndithu, olo ikhale yosagwirizana ndi diresi.

Malo ake alipo ambiri. Pa Williams Falls ndi pokongola, koma madzi amasokosera, "ndilola" wako adzamumva ndi achule okha, komanso miyala yake ndi yoterera. M'mbali mwa damu la Mulunguzi ndi posavuta kufika, kungoti Loweruka ndi Lamlungu pamadzaza magulu a achinyamata ndi masipika awo. Ndipo madzi amenewo ndi amene anthu a mu Zomba amamwa, ndiye zoponyamo maluwa ndi timapepala tonyezimira uzisiye. Ku Emperor's View, kumene kunafika mfumu ya ku Ethiopia Haile Selassie mu 1965, ndi ku Queen's View pafupi pomwepo, umaona tauni yonse pansi, nyanja ya Chilwa uko, Mulanje uko. Koma ndi pamphepete pa phompho, mphepo yake imatha kuulutsa velo mpaka ku Chinamwali. Kumene ndikukuletsa ndi ku Chingwe's Hole. Dzenje limene nkhani zakale zimati ankaponyamo anthu, iwe n'kukayambirapo banja? Amalume ako akadzamva adzati mwakhwimira.

Ngati mtima wako uli pa mitengo, funa malo a mitengo yachilengedwe m'mbali mwa mtsinje, muli mthunzi wabwino. Koma upite ukaone ndi maso ako sabata imodzi kapena ziwiri tsikulo lisanafike. Paini wa pa Zomba ndi wobzala, amadulidwa, amapsa. Malo amene unawaona pa chithunzi cha zaka zitatu zapitazo ukhoza kukapeza zitsa zokhazokha. Paulendo womwewo ukaonekere ku ofesi ya za nkhalango, chifukwa phirilo ndi nkhalango yotetezedwa ndi boma pansi pa lamulo la nkhalango la 1997. Ukawauze kuti tikhala anthu angapo, malo akuti, tsiku lakuti, ndipo umve zimene amalola ndi zimene amalipiritsa. Za moto usayerekeze. Makandulo oyala pansi aja unaona kwa azungu, pa masamba ouma a paini, ndiwo angakusandutse mkwatibwi woyamba kugona m'chitokosi ndi diresi loyera. Nyama muwotcheretu kunyumba. Mutengenso mmodzi wa anyamata operekeza alendo amene amapezeka pamwambapo, mugwirizane mtengo musananyamuke. Amadziwa njira, ndipo malo ena netiweki imathawa.

Alendo osaitanidwa uwayembekezere. Oyamba ndi linthumbu. Musanayale mkeka yang'anani pansi bwinobwino, chifukwa linthumbu silisankha kuti uyu ndi mkwatibwi. Limakwera mwakachetechete mpaka m'chiuno ndiye n'kuluma lonse pamodzi, ndipo diresi la zingwe zakumsana silivulika msanga. Achiwiri ndi anyani ndi apusi. Keke ikhale m'galimoto, magalasi otseka, mpaka nthawi yodula. Nyani akaitenga usalimbane naye, ameneyo ndiye mwini mudzi. M'tchire lowirira musalowemo mwachisawawa, kuli njoka ndipo m'madera otsika kuli chitedze. Nsapato za gogoda uzivale pojambulitsa pokha, poyenda vala zafulati. Diresi la mchira wautali lidzasesa phiri lonse, sankha lofika m'akakolo.

Achitatu ndi anthu, ndipo apa ndi pamene chinsinsi chako chidzafere. Ukuganiza kuti m'nkhalango mulibe maso? Muli amayi otsika ndi mitolo ya nkhuni pamutu, muli anyamata osenza matabwa, muli ogulitsa masitiroberi ndi malubeni m'mbali mwa msewu, muli ana asukulu obwera kudzaona mathithi. Aliyense ali ndi foni. Wina adzakujambula, adzaika pa sitetasi, msuweni wa mnzake wa mlamu wako adzaona, ndipo usanafike pa Namadzi pobwerera mayi ako adzakhala atamva kale. Kumva kwa anthu kuti mwana wako wakwatiwa, mwanawe, bala lake silipola.

Ndiye pa galimoto ija onjezera mipando. Mayi ako, mayi ake, abambo ngati alipo, nkhoswe mmodzi uku mmodzi uku, anzanu awiri aja, wojambula. Simukwana 12. Nyamulani mipando iwiri itatu ya pulasitiki ya akuluakulu, madzi akumwa, fulasiki ya tiyi, maambulera, nkhuku yokazinga, mpunga ndi thumba lotoleramo zinyalala zanu. Mwambo usapitirire ola limodzi. Mukatsika kadyeni bwino m'tauni kapena pa hotelo pomwepo, inu awiri mutsale, ena azipita. Ndalama zake sizifika ndi theka la zimene mkulu wako anawonongera maluwa a pulasitiki.

Koma usaganize kuti mayi ako adzavina ukawauza. Uwamvetse. Perekaniperekani ali ngati chipereganyu. Mayi amenewo akhala akuponya ndalama m'maukwati a ana a anzawo zaka zonsezi, agula nsalu za yunifomu zodzaza sutikesi, aphika m'maphwando a eni mpaka maso kufiira ndi utsi, akudziwa kuti tsiku lawo lolandira likubwera. Za mkulu wako zija zinathera ngongole, chiyembekezo chatsala pa iwe. Ndiye iwe ukuti chipereganyu chithe iwo asanatole. Apatse kanthu. Patapita mwezi, alole akonze kaphwando pakhomo pawo, mbuzi imodzi, thobwa, amayi a kumpingo adzaimbe nthungululu ndi kukulangiza zimene ukuzidziwa kale. Akafuna kuyala lichero pakati kuti anzawo abweze zija, iwe yang'ana kumbali. Komiti ya phwando limenelo ndi yawo, iwe udzangobwera ndi mwamuna wako, kugwada, kumwetulira ndi kudya.

Wafunsa kuti uwauze liti. Loweruka lino, usanagule diresi, usanalipire wojambula. Upite wekha, utenge shuga ndi kansalu kabwino, udye nsima yawo kaye ndipo uyamikire ndiwo. Ukatero uyambe ndi nkhani ya chinkhoswe, ya phiri ibwere pambuyo. Akayamba kulira asiye alire, usatulutse foni kuti uwaonetse zithunzi za azungu. Akakufunsa kuti nzeru zoterezi wakupatsa ndani, unene kuti Instagram. Dzina langa lisamveke, ine ndi mayi akowo mwina timakhala benchi imodzi kutchalitchi.

Ndine,
Azakhali ako