Phunziro la Usodzi: Maulendo Ofunafuna Nsomba Pakati pa Nyanja

Anthu a ku Ulongwe ndi midzi yozungulira adziwa bwino kuti ndiwo ya nsomba yakwera mtengo. Akuluakulu akumbukira masiku amene chambo cha ku Malombe chinali kufika pa msika m'madengu odzaza, koma lero zopezeka kawirikawiri ndizo kambuzi ndi usipa wouma. Chifukwa cha ichi anyamata ena ali kunena kuti nsomba zinathawira pakati pa Nyanja ya Malawi, ndi kuti munthu wogula boti ndi injini angathe kukazitenga ndi kulemera msanga. Munthu asanagulitse mbuzi zake chifukwa cha mau otere, ayenera kumva zimene anapeza anthu amene anapitako kale kukafufuza.

Ofufuza oyamba

Ntchito yofufuza nsomba za m'nyanjayi si ya lero. M'chaka cha 1939 kunabwera akatswiri atatu ochokera ku England, Bertram, Borley ndi Mai Ethelwynn Trewavas, amene anayendera madoko ndi kulemba mitundu ya nsomba. Kuyambira 1945 kufikira 1947 Rosemary Lowe anaphunzira za moyo wa chambo, ndipo anagwira ntchito yake pamodzi ndi asodzi. Pambuyo pake Boma linayesa makoka aakulu okokedwa ndi maboti a injini. Poona kuti nsomba zinali kugwidwa bwino, usodzi wotere unayamba ngati malonda mu 1968 kum'mwera kwa nyanja.

Koma pakati penipeni pa nyanja panali patatsala. Kotero kuyambira 1991 kufikira 1994 maiko atatu a Malawi, Tanzania ndi Mozambique, mothandizidwa ndi Britain, anatumiza chombo chotchedwa Usipa kuti chiyende nyanja yonse, kumpoto ndi kum'mwera, ndi kuyesa kuchuluka kwa nsomba za kutali ndi gombe.

Aziona bwanji nsomba za pansi?

Chombo chofufuza chikhala ndi makina otumiza liwu pansi pa madzi. Liwulo likagunda pansi libwerera, monga momwe mau abwerera munthu akafuula pafupi ndi phiri. M'madzi liwu liyenda mamita pafupifupi 1,500 pa sekondi imodzi. Tsono ngati lapita ndi kubwera m'sekondi imodzi, kuya kwa pamalopo ndi theka lake, ndiwo mamita 750. Likagunda gulu la nsomba libwerera msanga, ndipo makinawo aonetsa pamene nsombazo zili. Pamenepo ofufuza aponya khoka kuti aone mtundu wake, aziyeza pa sikelo, nalemba malo, tsiku ndi kuya kwa madzi. Ulendo umodzi sukwanira. Abwereza nyengo ya mvula, ya mwera ndi ya dzuwa, pakuti nsomba sizikhala pamodzimodzi chaka chonse.

Zimene anapeza

Choyamba, nsomba ziliko ndithu. Ofufuza a pa Usipa anawerengera kuti pakati pa nyanja panali matani pafupifupi 168,000. Zoposa theka zinali ndunduma, ndipo zina zinali mcheni, nkholokolo, utaka ndi usipa. Chambo sichinapezeke chochuluka kumeneko, chifukwa chambo ndi nsomba ya madzi osaya kwambiri. Motero mau akuti chambo cha ku Malombe chinathawira pakati pa nyanja alibe umboni.

Chachiwiri, nsombazo nzomwazikana. Nyanjayi ndi yaikulu makilomita oposa 560 m'litali mwake. Matani aja akagawidwa pa madzi onsewo, hekitala imodzi, imene iposa pang'ono bwalo la mpira, sikhala ndi nsomba zofika makilogalamu 100, ndiponso zili m'madzi akuya mamita ambirimbiri. Kuti munthu azisonkhanitse afunika chombo champhamvu, khoka lalikulu, mafuta ambiri ndi ayezi wosungira nsomba pobwerera. Bwato kapena kaboti ka matabwa sikangathe ntchito imeneyi.

Chachitatu, pansi penipeni palibe nsomba konse. Kumpoto nyanja ifika mamita 700 kuya kwake, koma kupitirira mamita 250 madzi alibe mpweya umene nsomba zipuma. Madzi apamwamba ngofunda ndi opepuka, apansi ngozizirirapo ndi olemera, ndipo sasakanikirana mpaka pansi.

Zombo zomira ndi zirundu

Ku nyanja zamchere kuli usodzi wina umene awerengi ambiri sanaumvepo. Pakati pa England ndi France panamira zombo zambiri pa nkhondo ziwiri zazikulu. Asodzi a kumeneko ayenda maola angapo kufunafuna pamene zombozo zinagona, chifukwa pamenepo agwira nsomba zazikulu ndi mbedza. Chifukwa chake nchosavuta kumva. Pa zitsulo za chombo pamera ndere ndi tizilombo ta m'madzi. Tinsomba tibwera kudzadya ndi kubisala, ndipo nsomba zazikulu zitsata tinsombato.

Pa Nyanja ya Malawi chombo chomira chidziwika ndi chisoni. Pa 30 Julaye 1946 sitima ya Vipya inamira ndi mphepo yamkuntho kumpoto, kufupi ndi Florence Bay kumene lero atcha Chitimba, ndipo anthu 145 anataya moyo. Ngati sitima yachitsulo inagonja kwa mafunde a mwezi umenewo, kuli bwanji kaboti kodzaza anthu ndi makoka? Ndiponso chombo chimene chagona kupitirira mamita 250 aja sichingasunge nsomba, pakuti kulibe mpweya.

Komabe nzeru ya asodzi a ku England iliponso kuno mwa njira ina. Pansi pa nyanja pali timapiri ta miyala totchedwa zirundu. Madzi akamayenda pa chirundu abweretsa chakudya, ndipo utaka usonkhana pamenepo. Asodzi a chilimira adziwa zirundu zao popanda makina. Ayang'ana kumtunda kufikira mtengo wakuti ulunjikana ndi nsonga ya phiri lakuti, natero ndi mbali inanso, ndipo pamene mizere iwiriyo ikomana ndi pa chirundu. Phunziro lake ndi limodzi konsekonse: nsomba zikhala pamene pali pobisala ndi chakudya.

Nanga ku Malombe?

Malombe ndi nyanja yosaya, mamita ochepa chabe, ndipo kale pansi pake panali udzu wambiri wa m'madzi. Udzu umenewo ndiwo unali chirundu cha chambo. Chambo chachikazi chisunga mazira ndi ana m'kamwa, kenaka chikawasiya m'madzi osaya momwe muli udzu ndi bango. Mu 1982 ku Malombe kunagwidwa chambo choposa matani 8,000. Patapita zaka khumi sichinafike ndi matani 1,000 omwe. Makoka a maso ang'onoang'ono, monga nkacha ndi makoka a kambuzi, anagwira ana a chambo asanakule, ndipo pokokedwa pansi anazula udzu ndi kuphwanya zisa. Chambo chinathera pompano.

Poona ichi, mu 1993 Boma linayamba kugwira ntchito ndi makomiti a m'madoko a ku Malombe, ndipo lamulo la usodzi la 1997 linapatsa anthu a m'midzi mbali pa kusamala nsomba zao. Ntchitoyi siyenda popanda mafumu, asodzi, ogulitsa ndi ogula omwe.

Zoyenera kukumbukira

1. Wofuna kuyamba usodzi ayambe wakaonana ndi mlangizi wa za usodzi, amve za chilolezo ndi za makoka ololedwa, asanaononge ndalama.

2. Awerengere mtengo wa mafuta, ayezi, malipiro a alovi ndi kukonzetsa injini. Masiku ena boti libwera lopanda kanthu, koma mafuta atha ndithu.

3. Kuyambira Meyi kufikira Ogasiti mwera uomba kolimba. Boti lisadzaze kopitirira muyeso, ndipo munthu aliyense akhale ndi jekete yoyandamitsa.

4. Nyengo yotseka nyanja isungidwe, ndipo bango ndi udzu wa m'mphepete zisadulidwe kapena kutenthedwa.

5. Amai ndi abambo ogula pa msika wa Ulongwe akane ana a chambo. Wogulitsa akaona kuti palibe wogula, msodzi nayenso aleka kuwagwira.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ndunduma za pakati pa nyanja zidikira zombo zazikulu, koma Malombe ndi Shire zili pafupi, ndipo kukonzeka kwake kuli m'manja mwa anthu okhala m'mbali mwake.

Mafunso a ana a sukulu

Aphunzitsi angathe kufunsa ana awo mafunso awa. Ngati liwu labwerera patapita theka la sekondi, madziwo ngakuya mamita angati? Nchifukwa ninji pansi penipeni pa Nyanja ya Malawi palibe nsomba? Chirundu chifanana bwanji ndi chombo chomira? Potsiriza, mwana aliyense akafunse agogo ake maina a nsomba zimene zinali kugwidwa ku Malombe kale, ndipo m'kalasi alembe pa bolodi zimene zikali kupezeka pa msika lero.